Hedi Yowala Ngati Kalilole

Ndinayambitsa ndine. Ndanena poyambirira pomwe kuti amene akufuna kundikwiyira ayambiretu, asachite kudikira kumapeto. Amalume amati inayambitsa ndi foni, amayi amati ndi sukulu, achimwene amati ndi satana. Onsewa akungondilanda ulemu. Ndinali ine, mnyamata wa Fomu 3, ndi pakamwa pangapa.

Achimwene anga aakulu ali ndi njinga yamoto ya kabaza. Anaigula atalima mbatatesi kudimba mpaka zikhatho kuuma ngati chikopa cha ng'oma, ndiye musadabwe kuti amaikonda kuposa ife abale awo. M'mawa amayamba aipukuta kaye asanasukusule. Magalasi ake awiri aja, anzawo amaonera magalimoto akumbuyo, koma iwo amaonerapo ndevu zawo zimene zinakana kumera. Akaima pa siteji amawerama pang'ono, kukonza kolala, kumwetulira, kenako n'kumafunsa munthu kumene akupita.

Njingayo inali ndi vuto limodzi: inkadana ndi chitunda. Pamalo athyathyathya inkathamanga bwinobwino, koma kwathu kuno ku Bembeke malo athyathyathya ndi bwalo la mpira lokha, nalonso ndi lopendekeka. Ikangoona mtunda inkayamba kulira ngati mbuzi yokokedwa pachingwe, liwiro n'kumatsika, mpaka achimwene ankatembenuka n'kuuza wokwerayo mwaulemu kuti, "Tatsikani pang'ono, tikumana pamwambapo."

Anthu ena ankatsika osadandaula. Koma panali munthu mmodzi amene kutsika kwake kunkawawawa achimwene mpaka m'mafupa: mtsikana wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu, amene lero ndi alamu anga. Kwawo ndi pamwamba pa chitunda chachitali kwambiri kudera kwathu. Madzulo achimwene ankamunyamula ndi dengu lake lopanda kanthu, koma akafika pa mtengo wa mapichesi umene uli pakati pa chitundacho, njinga inkakana. Mtsikana uja ankatsika yekha asanauzidwe, kusenza dengu, n'kuyamba kukwera wapansi. Choipa kwambiri n'chakuti ankayamba kufika pamwamba ndi iye. Ankakhala pamwala n'kumawadikira, ndipo akafika ali thukuta kamukamu ankawafunsa kuti, "Mwayenda bwanji, alendo?"

Ndiye panalinso mwamuna wina wogula kabichi wochokera ku Lilongwe, wa galimoto yakeyake, amene azakhali a mtsikanayo ankamutchulatchula. Galimoto ija inkakwera chitundacho wailesi ikuimba.

Achimwene ataona kuti akachedwa agwira mphepo, anapita kwa amalume kukawapempha kuti akawafunsirire mbeta. Amalume athu ndi munthu wa thupi, bondo lawo lakumanzere linatha kalekale, ndipo mawu awo sabwerera m'kamwa. Anavomera, koma anati, "Ine sindigogoda khomo limodzi kawiri. Undinyamule, ukanditule pakhomo pawo ndili munthu. Zikalephereka tsiku limenelo, ukapeze malume ena." Kuchikazi nakonso anaitana eni mbumba, wina wochokera ku Kasina, wina kutsidya kwa malire ku Mozambique, anthu osati owaitana sabata iliyonse. Tsiku linapanganidwa, Loweruka lina m'nyengo yachisanu.

Lamulungu lina titabwera kuchokera ku Misa ndinawapeza achimwene atakhala pa chidebe, dzanja lili patsaya, akuyang'ana njinga ngati wodwazika matenda. Njinga yolephera mtsikana ndi dengu lopanda kanthu ikanatha bwanji amalume? Ine mtima wanga ndi wabwino. Sindikonda kuona munthu ali ndi chisoni popanda kumuwonjezera kanthu.

"Achimwene, njinga yanuyi si yofooka," ndinatero. "Ili ndi mphumu."

"Choka apa iwe."

"Zoona. Aphunzitsi a sayansi anatiuza kuti kumapiri kuno mpweya ndi wochepa kusiyana ndi kuchigwa. Injini imapuma ngati munthu. Kufakitale amapangira anthu okhala pansi, sadziwa kuti kuli Dedza."

Apa sindinaname, anatiphunzitsadi zimenezo. Komanso masiku omwewo ndinali nditaonera pafoni ya mnzanga bambo wina wa kunja akukonza hedi ya injini. Kwa amene simunatsegulepo njinga: hedi ndi chitsulo cha nthitinthiti chimene chimavundikira injini pamwamba, pamene pamalowa pulagi. Chili ndi mabowo awiri, lina lolowera mpweya ndi petulo, lina lotulukira utsi. Bambo uja ankati kufakitale mabowowa amawasiya okhakhala ngati khoma losazira, ndipo ukawasalaza injini imapuma momasuka. Ndinawafotokozera achimwene zonsezi ndi nkhope ya munthu wosala kudya.

Anachotsa dzanja patsaya. "Ndiye amasalaza mpaka pati?"

Apa ndi pamene ndinathira mchere wanga. Bambo wa pafoni uja sananene zimenezi, koma ine ndinayang'ana achimwene, ndinayang'ana magalasi a njinga aja, pakamwa panga n'kuyankha pokha.

"Mpaka muzidziona nkhope. Hedi yonse, mkati ndi kunja. Mukatha kuwerenga mano anu, ndiye kuti yapsa."

Mawa lake sanapite ku siteji. Anayala thumba pakhonde, kutulutsa masipanala, kuchotsa thanki, ekizozi ndi kabuleta. Zimenezi amazitha, poti pulagi ndi tcheni amakonza okha. Atamasula manati n'kunyamula hedi ija, tonse tinasuzumira. Mkati mwake munali mwaye wokhuthala ngati denga la khitchini ya amayi. Bowo lotulukira utsi linali litatsala pang'ono kutsekeka.

"Waona?" ndinatero, ngati ndinkadziwa kale. "Munthu angapume bwanji chonchi?"

Ntchito inayambika. Anakulunga sandipepa pa kamtengo n'kumalowetsa m'mabowo muja. Sandipepa itatha ndinawauza kuti mchenga wa kumtsinje ndi wabwino koposa, bola ukhale wosefa. Anatenga sefa ya amayi. Mchenga utatha ntchito yake ndinati tsopano phulusa. Phulusa litatha ndinati akatswiri amamalizira ndi mankhwala otsukira mano. Sabata imeneyo banja lonse tinatsukira mswachi wa mtengo.

Amayi ankadutsa ndi ndowa pamutu n'kuima. "Mwana ameneyu chibadwire sanakwechepo ngakhale supuni m'nyumba muno. Lero akukwecha chitsulo ngati mkazi wokwatiwa kumene?"

"Amayi, izi ndi za sayansi," ankatero achimwene osadzutsa mutu.

"Sayansiyo ikatha ibweze sefa yanga."

Ine ndinali woyendera ntchito. Ndikaweruka kusukulu ankandiitana ndisanavule yunifolomu. "Mphwanga, tabwera udzaone." Ndinkainyamula hedi ija ndi manja awiri, kuitembenuzira kudzuwa, kutsinzina diso limodzi, n'kupukusa mutu.

"Sizinafike. Ndikuona mphuno yokha."

Tsiku lotsatira: "Maso ayamba kuoneka, koma mano ayi."

Tsiku linanso ndinawapeza kuseri kwa nyumba atanyamula hedi pafupi ndi nkhope, mano ali pamtunda ngati galu wouwa, akuyesa kuwerenga. Ndinathamangira kuchimbudzi kukaseka, mpaka amayi anandifunsa ngati ndatsegula m'mimba.

Nditaona kuti zala zawo zayamba kusupuka, chifundo chinandigwira ndipo ndinati yapsa. Anaitsuka ndi petulo kangapo kuti pasatsale mchenga, anaibwezera, anamanga zonse. Ine ndinali nditakonzeka kale kuthawa, nsapato zili kumapazi. Anaponda kiki.

Inalira. Ndipotu inalira bwino kuposa kale.

Madzulo amenewo anamunyamula mtsikana uja, n'kudutsa mtengo wa mapichesi osatsitsa munthu, mpaka pamwamba. Anabwera kunyumba akuimba hutala kuyambira kumsewu. Ine ndinangoti kakasi. Bodza langa linali litandipandukira n'kusanduka zoona. Ndikaganiza tsopano, ndimaona kuti chinathandiza ndi mwaye umene unachoka uja, osati mano a achimwene. Koma ndani akanakana ulemu wobwera wokha? Ku siteji anyamata a kabaza anayamba kunditcha ainjiniya. Ankandikweza ulere popita kusukulu. Pa chiwaya ankandiwonjezera tchipisi. Wina anabwera ndi hedi yake m'jumbo kudzandionetsa ngati yapsa, ndipo ndinamuuza kuti ndikuona makutu okha.

Zikanathera pomwepo, bwenzi pano ndili woyera mtima. Koma mtsikana ndi dengu si amalume.

Ndinawauza achimwene kuti katswiri sadikira tsiku la mayeso, amayesa kaye. Tinatenga thumba lalikulu la mbatatesi, losokerera mlomo lija, tinalimangirira kumbuyo, ine n'kuliveka chipewa chakale kuti lifanane ndi amalume. Njinga inakwera, inadutsa mtengo wa mapichesi, inapita patsogolo pang'ono, kenako inayamba kulira ngati mbuzi ija. Inazima. Achimwene anatembenuka, ndipo chifukwa cha chizolowezi anatsala pang'ono kuliuza thumbalo kuti litsike.

Titafika kunyumba anandigwira paphewa. "Bambo wako wa pafoni uja, palibe china chimene anachita?"

Chinalipo. Atamaliza mabowo, bambo uja anapala pang'ono kunsi kwa hedi, kumene imagona pa injini, kuti malo opsera petulo achepe, mpweya uzipanikizika kwambiri, mphamvu iziwonjezeka. Anamata sandipepa pa galasi lochindikala, losalala bwino, n'kumatsetsereza hedi pamenepo pang'onopang'ono, uku akuyezayeza. Ananenetsa kuti malowo akhale osalala ndithu, apo ayi hedi imapotoka.

Galasi lotero m'nyumba mwathu linali limodzi, la pa kabati ya amayi yosungira makapu a alendo. Achimwene atangoliyang'ana, amayi anati, "Ukaligwira limenelo, ukwatira uli ndi dzanja limodzi."

Tinatuluka panja. Maso anga anagwera pa sitepe ya simenti ya pakhonde.

Mundifunse ngati ndinkadziwa kuti sitepe imeneyo ndi yolowa pakati. Ndinkadziwa. Mudzi wonse umadziwa. Mapazi athu anaidya chimangire nyumbayo, moti mvula ikagwa pamadikha madzi ndipo nkhuku zimamwa pomwepo. Koma m'mutu mwanga ndinali nditawaona kale achimwene atagwada pakhonde, akukankha chitsulo uku ndi uku ngati mayi wopera mawere pamphero, ndipo chithunzi chimenecho sindikanatha kuchitaya.

"Simenti imaposa galasi," ndinatero. "Ndipo simufunanso sandipepa."

Anagwada. Kwee, kwee, kwee. Anathira timadzi, n'kupitiriza. Amayi a nyumba yoyandikana nafe anaima pampanda. "Odi kumeneko! Kodi thobwa la chinkhoswe mwayamba kale kupera chimera?" Ana anasonkhana. Ine ndinakhala pa chidebe n'kumawomba m'manja motsatira kayendedwe ka hedi, kuti ntchito isawatopetse. Akafuna kusiya ndinkati, "Pang'ono pokha, achimwene. Kumbukirani kuti amalume adya kaye asananyamuke."

Pomanga panafunika gasiketi, kachitsulo kopyapyala kamene kamakhala pakati pa hedi ndi injini kuti mpweya usathawe. Yatsopano inali ku Dedza boma, ndipo nthawi inali itatha. Anatenga yakale yomweyo, anaipaka girisi n'kuibwezera. Ataponda kiki koyamba, inawabwezera mpaka anadumphadumpha ndi mwendo umodzi.

"Imeneyo ndiyo mphamvu," ndinatero. "Yayamba kumenya mwini wake."

Kachiwiri inalira, kulira kwaukali, kouma. Lachisanu anazungulira nayo kumsika ndi kutchalitchi, anthu n'kumatembenuka. Usiku anasita malaya awo akuimba likhweru.

Loweruka kunacha ndi nkhungu, chisanu chake cholowa m'mano. Amalume anafika atavala thalauza lawo lotuwa la pa zikondwerero, koma jekete ndi nsapato zopolisha anaziika m'jumbo poopa fumbi. Anandipatsa ine kuti nditsogole nazo pa njinga yakapalasa, ndikawadikire pamwamba, akavale asanalowe m'mudzi. Ndinanyamuka, koma pamwamba sindinafike. Ndinaima pa mtengo wa mapichesi. Munthu sulima munda n'kusowa pa tsiku lokolola.

Nkhungu itayamba kuyera ndinamva kulira kwa njinga kumunsi. Anatulukira. Achimwene anali atawerama pa chiwongolero, amalume ali kumbuyo ngati nkhokwe yokwezedwa pangolo, dzanja limodzi lili m'chiuno mwa achimwene, lina litagwira chipewa. Anandidutsa pa mtengo paja ndi liwiro limene sindinalionepo. Achimwene anandiimbira hutala. Kunena zoona, panthawi imeneyo ndinayamba kukhulupirira kuti mwina ndine injiniyadi.

Kenako injini inayamba kulira ngati mwaika timiyala m'chitini. Ngwe ngwe ngwe. Anadutsa pamene inazimira ndi thumba la mbatatesi paja. Ndiye ndinamva phu! Utsi unatuluka, osati ku ekizozi, koma m'mbali mwa injini, pamodzi ndi oyilo wakuda. Njinga inati fyu, fyu, fyu, n'kuima. Inakhala ngati ikuganiza kaye. Kenako inayamba kubwerera chambuyo, achimwene akupalasa pansi ndi mapazi, mpaka inakhotera m'mbali n'kuwatula onse awiri m'munda wokololedwa, pa mapesi, mofatsa ngati mayi akugoneka mwana.

Ndinafika ndikukankha njinga yanga. Amalume anali chagada, chipewa chikadali m'manja, akuyang'ana kumwamba.

"Amalume, mwavulala?"

"Ndikupuma," anatero. "Ndiye ndabwera kudzapuma m'munda mwa eni ake."

Tinawadzutsa. Sanavulale paliponse, koma mwendo umodzi wa thalauza lotuwa lija, kuyambira pabondo kutsika, unali wamathothomathotho akuda. Anauyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana achimwene.

"Wachita nayo chiyani njingayi?"

"Tinakonza hedi, amalume."

"Munakonza. Iwe ndi ndani?"

Maso a achimwene anandiloza.

"Amalume," ndinatero, "tikadetsa mwendo winawu, anthu aziona ngati thalauzalo linasokedwa choncho."

Chipewa chija chinandipeza pakhutu.

"Ndipatse jekete langa. Ndikubwerera kwathu. Ine ndikaonekere kwa eni mbumba ngati ndachokera kootcha makala? Ndiponso ndikafika bwanji, ndi bondo ili?"

Apa achimwene anagwada pa mapesi paja. Chibadwire ndinali ndisanawaonepo akugwadira munthu kunja kwa tchalitchi, kupatula sitepe ija. Anati anthu aja achokera kutali ndipo sadzabweranso, anati wa galimoto uja akungodikira kuti iwo apunthwe, anati amalume awamenye ngati akufuna, bola akafike. Sanayang'ane n'komwe njinga yawo imene inali gone m'mapesi, galasi limodzi litathyoka. Pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti mtsikana uja amamukondadi.

Sindinganene kuti ndinalapa. Koma kuseka kunandithera pang'ono.

"Amalume, khalani pa kaliyala apa," ndinatero, ndikugwira njinga yakapalasa. "Iyi ilibe hedi. Ife awiri tikhala injini."

Anandiyang'ana, anayang'ana chitunda, anayang'ana mwana wa mlongo wawo ali chigwadire. Anapuma mozama. Anavala jekete, anavala nsapato zopolisha, anavala chipewa, n'kukhala pa kaliyala chammbali ngati mayi wopita kusikelo. Matayala anaphwa theka. Ine ndinagwira chiwongolero, achimwene anaika phewa kumbuyo, tinayamba.

Chitunda chimenecho ndimachidziwa tsopano mwala uliwonse. Chisanu chonse chija chinatha, malaya ananyowa. Amalume sanathandize ngakhale ndi chala. Ankangoti, "Mphamvu yachepa kumbuyoko. Kodi hedi yake simunakweche?" Ana a m'mudzimo anationa, anatsika kudzatichingamira, n'kumatitsatira akuimba ngati tanyamula mkwatibwi. Achimwene phazi linaterereka kangapo, bondo linasupuka, koma sanasiye. Ine nditati tipume, anati, "Kankha, iwe satana. Akatsika apa sakweranso."

Titafika pamwamba, pa mjigo panali atsikana akutunga madzi, ndipo pakati pawo panali mwini nkhani. Anabisa pakamwa ndi nsonga ya chitenje, mapewa akugwedezeka. Tikudutsa ananena motsitsa mawu, osayang'ana kwa amalume, "Lero ndiye mwafika pamwamba osatsitsa munthu."

Amalume anatsika kuseri kwa nkhokwe ina, anakonza jekete, anavula chipewa n'kuchigwirizira pa bondo lakuda lija, n'kulowa m'mudzi akutsimphina mwaulemu. Mnyamata wofuna mbeta salowa nawo pa zokambirana zotere, choncho ine ndi achimwene tinakhala pansi pa mtengo kunja kwa mudzi. Anakhala kundifulatira.

"Achimwene."

Sanacheuke.

"Komatu inathamanga. Munaona mmene munandidutsira paja?"

"Ukayankhulanso ndikukwecha nkhope pa sitepe ija."

Patapita nthawi anafunsa okha, osatembenuka, "Unkadziwa kuti ndi yolowa pakati?"

"Nkhuku zimamwa madzi pamenepo, achimwene. Inunso mumadziwa."

Anatola kamwala n'kukaponya kutali. "Ndinkadziwa," anatero. "Koma iwe ndi wa sukulu."

Dzuwa linakwera, linayamba kupendeka. Achimwene anathyola timitengo tonse timene tinali pafupi. Kenako amalume anatulukira, chipewa chidakali pabondo, pakamwa pali mafuta a nkhuku. Anatidutsa n'kukaima pa njinga yakapalasa.

"Amalume?" anatero achimwene.

"Kutsetsereka ndiye kosavuta, eti? Gwirani mabuleki bwino."

"Amalume, chonde."

"Atilandira. Tsopano ndikweze."

Nkhani yonse anaifotokoza tili m'njira. Malume wamkulu wa mtsikanayo, wa ku Kasina uja, anali ataima pamwamba pa chitunda kudikira alendo, ndipo anaona zonse, kuyambira utsi mpaka mapesi. Azakhali aja atayamba kutchula za galimoto, mkuluyo anati wa galimotoyo chiyambire sanatsikepo kudzapereka moni, amangotsitsa galasi. Koma mnyamata amene wasiya njinga yake m'munda n'kukankha malume ake chitunda chonse chija, ameneyo sangadzamusiye mwana wawo panjira. Anayamikiranso ulemu wa amalume, kuti nthawi yonse ya zokambirana chipewa sichinachoke pabondo.

"Ndiye kuti ndakukwatitsani ndine," ndinawauza achimwene.

Anandithamangitsa mpaka pa mtengo wa mapichesi, amalume atsala okha akukuwa kuti wina agwire njinga.

Hedi ija anapita nayo ku boma kwa amakanika a makina opalira zitsulo. Akuti ataikapo lula, kuwala kunkadutsa pansi, ndipo anaitanizana shopu yonse kudzaona, osati kupotokako, koma kuwala kwake. Akuti wina anapesera tsitsi pomwepo. Anaiwongola, anaika gasiketi yochindikala, ndipo njinga inabwerera mwakale, kungoti imapuma bwinoko pang'ono. Mpaka lero alamu anga amatsika pa chitunda chija akakhala ndi katundu, koma tsopano amatsika akulalata ngati mwini njinga.

Mlandu wanga unazengedwa pakhonde, pa sitepe yomwe ija. Amayi ankafuna ndilandidwe nsapato za mpira. Achimwene ankafuna zinthu zimene sindingalembe. Amalume anamvetsera onse, kenako anati, "Ayi. Mnyamatayu ndi katswiri wa zowala. Tisamuwonongere luso."

Chinkhoswe chinali pafupi, ndipo amayi anali atabwereka mapoto aakulu a kumphakati, aja amaphikira pamaliro ndi paukwati, akuda ngati usiku, oti mwana akhoza kusambiramo. Chigamulo chinali chakuti ndiwakweche onse ndekha kumtsinje, ndi mchenga ndi phulusa, mkati ndi kunja, mpaka amalume adzione nkhope.

Ankabweradi. Masana alionse ankatsika ndi ndodo yawo, mwana atawanyamulira kampando, n'kukhala pamthunzi. Ndikawapititsira poto ankaitembenuzira kudzuwa, kutsinzina diso limodzi, n'kupukusa mutu.

"Sizinafike. Ndikuona chipewa chokha."

Anthu amaganiza kuti ndinavutika. Iwo anaiwala kuti kumtsinje n'kumene atsikana a mudzi wonse amachapira. Sindinakhalepo ndi omvera ambiri chonchija. Nkhani ya amalume m'mapesi ndinaifotokoza mpaka inakula, njinga inayamba kuuluka, amalume anayamba kugubuduzika mpaka kudambo. Ena ankandigawira chinangwa chootcha, ena ankandikwechera poto mobisa kuti ndipitirize. Zala zinasupuka, inde, koma ndi zala.

Tsiku lomaliza ndinawapititsira poto yaikulu kuposa onse, yowala moti mbalame zinkadabwa. Anaiyang'ana nthawi yaitali, akufunafuna chonena.

"Mano sakuoneka," anatero.

"Amalume, potoyo ilibe mlandu. Mano anuwo ndi omwe atsala awiri okha."

Atsikana anafa nako kuseka, wina mpaka sopo anapita ndi madzi. Amalume anatuma mwana kunyumba kuti akatenge ketulo, mafulayipani ndi beseni losambira la agogo, zonse ndikwechenso. Ndinakwecha ndikuimba likhweru. Beseni lija linawala bwino kwambiri, moti achimwene amametera ndevu pomwepo, zija zinakana kumera.